Bulauzi yanga pa nyali ya nsomba za apongozi

Mpaka lero ndikalowa pabalaza kwa mwana wanga Esime, maso anga amathawa pakona pomwe pali thanki ya nsomba. Ambuye anandikhululukira, apongozi anganso anandikhululukira, koma ine mwini ndikadali m'njira.

Mwamuna wa Esime, a Chisale, amaweta nsomba m'thanki ya galasi. Si zandiwo ayi, n'zongoonera (poyamba ndinkayesa akudikira kuti zinenepe). Pamwamba pa madzi anapachika nyali yowala ngati dzuwa la mu Okutobala, akuti udzu wa m'madzimo umakula ndi kuwalako. Mwa nsombazo munali yaikulu yabuluu yomwe ankaitcha Kapitawo. Anaiweta zaka zinayi, ndipo akafika kuchokera kuntchito ankayamba kulonjera iyo.

Chaka chatha mu Juni awiriwa ankapita ku ukwati ku Lilongwe, ndiye anandipempha kuti ndichoke kwathu ku Sadzi ndikawasungire nyumba kumtunda uko, njira yokwerera kuphiri. Asananyamuke, apongozi anaima pathankipo n'kuyamba kufotokoza za nyali. Koma mukudziwa mmene tinaleredwera, mkamwini sumuyang'ana kumaso. Ndinakhala pansi chakukhomo, maso pa nsapato zawo, ndikungoti, "Eee bambo. Eee bambo." Nsapatozo ndingazijambule. Mawu ndinangotolapo akuti m'mawa muyatse, madzulo muzimitse.

Loweruka kunadzuka chiperoni, phiri lonse osaoneka. Bulauzi yanga yoyera ya amayi a kumpingo inali chinyowere pachingwe, chonsecho masana tinali ndi mapemphero. Podutsa pathanki ndinamva kufunda kuchokera pachivindikiro cha nyali. Ndinati zikomo Ambuye, mwandipatsa dzuwa m'nyumba. Ndinayala bulauzi pamenepo, n'kutseka timabowo tonse totulukira mpweya.

Ndili kukhitchini ndinamva fungo la chopserera. Kuthamangira, nyali yazima, bulauzi ili ndi chibanga chachikasu pamsana. Ndinadina swichi. Zii. Kuzimitsa, kuyatsa, kuzimitsa, kuyatsa, iyo kumangolira ngati njuchi.

Foni inali m'manja, koma ndiyambe bwanji? Ndiwauze apongozi kuti ndinayanika chovala changa pa nyali yawo? Ndinati ndikonza ndekha, si ine ndinkakonza nyali yagalasi kwathu?

Kunsi kwa babu kunali galasi lotchinga, lodzaza madontho oyera. Ndinati matenda ndi amenewa. Ndinalisolola kuti ndikalitsuke, ndipo musinki linanditerereka n'kugawika pawiri. Babu nalo ndinalimasula litazizira, n'kulipukuta ndi manja omwe ndinali nditangodzola mafuta. Nditalibwezera n'kudina, linayamba kuphethira, kubiriwira, kenaka ngwee! Ndinagwada pomwepo n'kuthokoza. Kumapemphero ndinavala juzi pamwamba, ndipo ndinachitira umboni kuti Mulungu amatsogolera manja a osaphunzira. Amayi anayankha Amen wamphamvu (Ambuye, umboni umenewo muufufute).

Lamulungu m'mawa ndinayatsa, ndipo patapita nthawi ndinawaza chakudya. Kapitawo anabwera ndi changu chake, mchira phwa! Madzi anathovukira pa babu lotentha lopanda chotchinga. Phuu! Magalasi onse m'madzi. Nsomba zing'onozing'ono zinathawira m'miyala. Kapitawo anazungulira kawiri chammbali. Ndinapemphera ndithu, dzanja pagalasi, koma pofika masana anali atayandama, mimba kumwamba.

Eni nyumba anafika dzuwa likadalipo. Ndinawalandira chogwada, zidutswa za babu zili m'mbale. Apongozi anaima pathanki n'kuyang'ana Kapitawo wawo. Kenaka anatembenuka.

"Amayi, magalasiwa sanakuchekeni? Nanga maso sakuwawa? Nyali imeneyi popanda chotchinga imawotcha maso."

Bola akanandikalipira. Ndinaulula zonse, kuyambira pa bulauzi.

"Inazima chifukwa chotentha," anatero. "Nyali zamtunduwu zikazima siziyaka mpaka zitazizira. Mukanangochotsa bulauziyo n'kukhala pansi mphindi makumi awiri, ikanayaka."

"Kungokhala pansi basi?"

"Basi, amayi."

Esime sanandisiye. "Amayi, zonsezitu ananena. Zoti musatseke timabowo, zoti babu sagwira ndi manja. Inu munkati eee bambo. Munkavomera chani?"

"Ndinkavomera ulemu, mwana iwe."

"Ndiye ulemu wanuwo wapha Kapitawo."

Apongozi anamukwirira pansi pa mtengo wa mapeyala, okha, ndi khasu laling'ono. Ine ndinkaonera pawindo, misozi ili mbwe. Sabata yotsatira Esime anabwera ku Sadzi ndi bulauzi yatsopano, akuti agula bambo a kunyumba. Mwana wa eni ameneyu Mulungu amudalitse. Ndimaivala, koma imandilemera.

Nyali ina anaikapo, nsomba yaikulu ndiye sanagulenso. Ine ndinalonjeza m'pemphero kuti apongozi akamafotokoza kanthu ndizikweza maso, ndimve ndithu, ndipo pomwe sindinamve ndifunse. Ndikuyesetsa. Chaka chatha ndinali pa nsapato, pano ndafika pa thumba la malaya.