Sabata Yokonza Ulimba wa a Zuze

Lolemba

Ine ndiye ndili ndi mwayi! Lamulungu likubwerali ndi Masika kutchalitchi, ndipo kwaya yanga iyimba ndi zida ziwiri: kiyibodi yathu ya sola, ndi ulimba wa a Zuze.

A Zuze ndi mkulu uja wa ku Nsanje, tenanti wa pa esiteti ya fodya kuseri kwa Nsaru. Ulimba wawo ndi matabwa a mlombwa makumi awiri, zikho kunsi kwake, ndipo akaumenya ngakhale akulu a mpingo amagwedeza phazi mobisa. Amene anausema ndi malemu bambo awo. Sabata ino ali kalikiliki kusankha fodya, ndiye andisiyira kuti kwaya iuzolowere.

Mawu awo posiya: “Aphunzitsi, musauike padzuwa.” Basi, zokhazo.

Zochita:
- kuyesa ulimba pamodzi ndi kiyibodi
- kuchapitsa mikanjo ya kwaya
- kuwaonetsa alendo a ku Kabudula kuti kwaya ndi ife

Lachiwiri

Vuto. Ndikamenya do pa kiyibodi, ulimba ukuvomera bwinobwino. Pa re akuyamba kukangana. Pa mi ndiye ndewu yeniyeni, mpaka mano kunyerenyesa.

Ndatsegula kachipangizo ka mufoni koyezera mawu, kaja ka singano. Singano ikaima pakati n'kuonetsa chobiriwira, ndiye kuti zili bwino. Thabwa la do, chobiriwira. Re, mi, kufiira psuu! Onse ali pansi, mi ndiye ali kutali.

A Zuze inu, zaka zonsezi mukuyimba zokhota osadziwa? Ndawamvera chisoni, zoona. Ndiwakonzera mwakachetechete, Loweruka adzangodabwa.

Lachitatu

Ndabwereka kasemasema kwa kalipentala. Akuti lamulo lake ndi losavuta: ukasema kumapeto kwa thabwa mawu amakwera, ukasema pamimba pake amatsika.

Thabwa la re: ndasema pang'ono kumapeto. Chobiriwira! Ndavina ndekha pakhonde.

Thabwa la mi: dzanja lalemera. Lakwera mopitirira, pano likudziyesa fa. Palibe kanthu, mawa ndilitsitsa.

Mayi a kunyumba, akusesa tizidutswa ta mlombwa: “Kodi eni ake mwawafunsa?” Ndati ndi sapulaizi. Iwo: “Safunsa anadya phula.” Anthu osadziwa nyimbo amavuta.

Lachinayi

Pamimba: latsika mpaka kwa re. Kumapeto: lakweranso mopitirira. Pamimba. Kumapeto. Pamimba. Thabwa la mi tsopano lapyapyala ngati rula ya kusukulu, koma singano ikadali kufiira.

Kwaya yakumana madzulo. Kiyibodi batire linali lisanadzaze, ndiye tayimba ndi ulimba wokha. Chodabwitsa: pa matabwa omwe sindinawakhudze amayi a m'kwaya akuyenda nawo myaa, osapunthwa. Kufika pa anga okonzawo, aNabanda a soparano ayima.

“Aphunzitsi, pamenepo ulimba ukutsokomola, eti?”

Ndawauza kuti makutu awo sanaphunzire.

Lachisanu

Ndayeza matabwa akumtunda omwe sindinawakhudze, n'kulemba manambala papepala. Mutu waima! Kuchoka pa thabwa lina kufika pa linzake mtunda ndi womwewo, masitepe asanu ndi awiri ofanana, kenako n'kuyambiranso. Pa kiyibodi si choncho: do kupita re sitepe ndi yaitali, mi kupita fa ndi yaifupi.

Ndiye kuti bambo awo a Zuze sanaphonye. Anachita dala. Ndi khutu lokha, opanda foni, opanda sola. Wokhota ndine.

Ndiyenera kubwezera msanga eni ake asanafike.

Re: ndamata phula la njuchi kumapeto kuti lilemere. Latsika, labwerera kwawo. Ambuye alemekezeke.

Mi: pakufunika kusema kamodzi kokha pamimba. Kamodzi kokha.

Thyoo!

Lathyoka pakati. Ndakhala pansi nthawi yaitali, zidutswa ziwiri m'manja.

Zomwe ndayesa:
- guluu
- waya
- pemphero

Ndikalimenya likungoti phwa, ngati dzungu lowola. Nkhomaliro yandikanika. Ndili ndi mantha, ndipo manyazi ndiye osanena.

Loweruka

A Zuze afika panjinga, malaya akununkha fodya. Akhala pansi, atola timitengo tawo tomenyera, ayamba kuyimba kuchokera kumtunda kutsika. Afika pa waya wanga. Ayima.

Ndaulula zonse: foni, singano, kasemasema. Ndimayembekezera kuti andikalipira, ndipo ndikanakonda akanatero. Iwo amasula wayawo pang'onopang'ono n'kuyang'ana zidutswazo.

“Limeneli bambo ankaliti mkazi wamkulu,” atero. “Nyimbo zonse zimadzera pakhomo pake.”

Kenako: “Kodi foni yanuyo inabadwira kuti, aphunzitsi?”



Ndafunsa ngati tingaseme lina lero lomwe. Akuti mlombwa wa ulimba umafuna kuuma pamthunzi mvula ziwiri, apo ayi sulira. Ndipo iwo fodya akagulitsidwa akubwerera kwawo ku Nsanje, thupi latopa ndi zigafa za fodya. Ndiye kuti ulimba wa bambo awo, umene unabwera wathunthu, ubwerera wagweru chifukwa cha ine.

Ndati mawa tingoyimba ndi kiyibodi. Akana. “Munalonjeza anthu. Tiyimba.”

Lamulungu

Kiyibodi ndaisiya yofunda nsalu yake. Ulimba uli kutsogolo pakati pa matumba a chimanga ndi mtedza, mpata uli poonekera ngati munthu wochoka dzino.

A Zuze ayamba. Nyimbo ikafika pampatapo kamtengo kakumenya mphepo, ndipo iwo akudzaza ndi pakamwa: mmm. Nthawi iliyonse, osaphonya, mawu ake omwewo a thabwa lija. Anthu akuyesa ndi luso la ku Nsanje. Nthungululu! Alendo a ku Kabudula abwera kudzandigwira chanza, ati ndine katswiri. Mayi a kunyumba angondiyang'ana, ine maso pansi.

Pomanga ulimba panjinga, a Zuze andipatsa chidutswa chimodzi cha mkazi wamkulu, chinacho aika m'thumba la malaya. Akuti ndikapeza mlombwa ndiuyanike pamthunzi, ukauma ndiwatsatire kwawo tikaseme limodzi. Foni ndidzaisiye kuno.

Ndawafunsa kuti mawu a thabwalo tidzawapeza bwanji, poti lathyoka. Aloza pakhosi pawo.

“Ali pano. Bola ndisafulumire kufa.”

Zochita:
- kubweza kasemasema
- kufufuta kachipangizo kaja
- kufunafuna mlombwa
- kudikira mvula ziwiri, ndi kuwapempherera a Zuze