Chikho Changa Chikumwetsa Nkhuku

Usiku wathawu ndinalota zinthu zoti mukazimva, a Gedion, bawoyo muyamba mwaisiya. Koma mudziwiretu ichi: chikho chija ndinapambana pa mpikisano wothamanga mtunda wautali ndili mnyamata, masiku ano chikumwetsa nkhuku kuseri kwa nyumba. Nditadandaula, mayi a Yankho anandiyankha osandiyang'ana n'komwe: "Chikho cha munthu wothamanga chimakhala pa kabati. Inu mumathamanga kuti? Mukamaliza mpikisano wa Lowerukali ndi miyendo yanu, ndichitsuka ndekha n'kuchibwezera m'nyumba." Ndiye ndinakalembetsa, ine amene ndinasiya kuthamanga bondo litavuta Yankho asanabadwe, pano mwanayo ali ku sekondale. Ndinagulanso nsapato pakaunjika.

Ndiye kutuloko ndinapezeka pabwalo, anthu ali piringupiringu, ine ndawerama ndikumanga zingwe za nsapato. Mwadzidzidzi nsapato yakumanzere inatsokomola.

"Pepani bwana, tikupita kuti?"

"Kothamanga," ndinatero.

"Ine za kuthamanga sindizidziwa. Kunja kumene ndinachokera ndinali ya nkhalamba ina, ntchito yathu inali kuyendetsa galu."

Yakumanja inalusa. "Ndinanena ine. Uyu si m'bale wanga. Tinangokumana m'belo, wogulitsa uja n'kutipaka polishi imodzi."

Nditayang'anitsitsa, zinali zoona, ina inali yaitaliko. Pamsika paja ndinangoyesa phazi limodzi, poti wogulitsayo ankati pali wina akuzifuna.

Ndiye ndinafika pa tebulo lolandirira manambala. Mkulu wa pamenepo anali atavala jekete, cholembera pakhutu, akulankhula bwinobwino, koma ndevu zikutalika, zikutalika, mpaka ndinaona kuti ndi tonde ndipo akutafuna nambala yanga.

"Mwabwera awiri," anatero tondeyo, "nambala imodzi."

"Ndili ndekha, akuluakulu."

"Nanga awa?" Analoza mimba yanga ndi chiboda.

Mimbayo inadzikonzakonza n'kupereka moni mwaulemu. "Ine ndi awa tinadziwana ku ntchito ya udalaivala, pa chiwaya cha pasiteji. Sitinasiyanepo. Kulikonse kumene akupita ndimatsogola ndine."

Tonde anaipatsa nambala yakeyake yatsopano, ine anandipatsa theka lotsala lija, lonyowa ndi malovu.

Ndiye tinandanda pamzere. Woimba wezulo anali atasanduka kale bilimankhwe, dzanja likupita kukamwa ngati likubwerera. Tinadikira mpaka mnyamata amene anali pambali panga anamera imvi. Mwadzidzidzi wezulo inalira, anthu onse anathawa, ine ndinatsala ndikumeza fumbi. Nsapato yakumanja inkathamanga ndithu, koma yakumanzere inkaima pa mtengo uliwonse kudikira galu.

Msewu unalowa m'chigayo n'kutulukira kuseri kwa tchalitchi, ndiye apo ndinapeza pomwera madzi. Mayi wogawa madziwo atandiona anasanduka bakha, n'kulowa m'ndowa momwemo kuyamba kusamba.

"Madziwa ndi a akomiti," anatero. "Othamanga mezani malovu."

Apa bondo langa, lomwe linakhala chete zaka zonsezi, linayamba kulira ngati chitseko cha chimbudzi. "Tinagwirizana kuti tapuma," linkatero. "Tinagwirizana pamaso pa adokotala."

Mwadzidzidzi njinga ya kabaza yopanda woyendetsa inabwera pambali panga n'kumanong'ona. "Kwerani madala, ndikakutsitsani pakona, palibe aone. Ambiri amene ali kutsogoloko ndawanyamula ndine."

Mimba sinadikire kuuzidwa kawiri. Inadumpha, kukhala pakaliyala, n'kumandibayibitsa. Ine, sindikunamizani, mwendo ndinaukweza. Koma ndinakumbuka mawu aja akuti ndi miyendo yanu, komanso mmene mayi a Yankho amadziwira bodza langa lisanatuluke n'komwe mkamwa. Ndinautsitsa mwendowo, njinga inapita ndi mimba.

Ndiye kumbuyo kunamveka mapazi opanda nsapato, pha pha pha. Anali mnyamata wowonda ngati bango, kabudula wong'ambika, chipsera pachigongono ngati changachi. Ndinali ine ndemwe, wa masiku a chikho aja.

"Tipatseniko njira, agogo," anatero.

Sanandizindikire. Zinandipweteka, a Gedion, kuposa bondo. Ndinamukuwira kuti, "Iwe, ima kaye, iweyo ndiwe ine."

Anacheuka kamodzi, kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Ayi, mwasokoneza. Ine sindingasiye kuthamanga."

Ndinavula nsapato zonse ziwiri, kuzisiya pamsewu zikukangana za makolo awo, n'kuyamba kumulondola. Kumupeza sindinamupeze, anangosanduka kadontho kutsogolo. Koma miyendo inakumbuka yokha. Mpweya unkawotcha pachifuwa, miyala ikulasa kuphazi, bondo likutukwana, ine ndikulira ndi chisangalalo ngati mwana.

Ndiye ndinafika kumapeto, anthu akuchotsa kale mipando. Mimba yanga inali itakhala kutsogolo ndi alendo, yavala mendulo, ikudya tchipisi. Mlendo wolemekezeka anaimirira atavala suti, kukonza pakhosi kuti alankhule, mwadzidzidzi suti inagwa pansi n'kutsala tambala wa mayi a Yankho, wakhosi lopanda nthenga uja. Pansi pa phiko anali atapanira chikho changa, m'kati muli gaga wonyowa.

Mzere womalizira unali pafupi, koma ndinaima, poti chikhocho chinali chitayamba kulankhula.

"Musadzivute, bambo a Yankho. Kunkhuku kuno ndili bwino. Izi zimandiyendera m'mawa uliwonse. Pa kabati paja munkangondiloza alendo akabwera, kundipukuta ayi."

"Ndikufuna ubwerere m'nyumba," ndinatero ndili wefuwefu.

"Za nyumba ndilibe nazo ntchito. Ine ndikusowa munthu uja anandinyamula thukuta lili kamukamu, mapazi akutuluka magazi, akuseka. Mwamuonako?"

"Wangondidutsa kumene."

"Ndiye mwaimiranji?"

Tambala anayamba kuimba belu ndi mlomo kuti nthawi yatha, ngo, ngo, ngo, ine ndikukoka mwendo kuti ndiponde mzere, mzerewo ukusunthira kutsogolo, belu likukulirakulira.

Ndinatsegula maso kutacha. Ngo, ngo, ngo. Zinali nkhuku kuseri kwa zenera, zikujompha chikho chouma.

"Bambo a Yankho," anatero mayi aja ali m'bulangete, "nkhuku zilibe madzi."

Ndinakathira madziwo nditavala kale nsapato, ina yaitali ina yaifupi, ndipo m'nyumba sindinabwereremo, ndinangolunjika kumsewu n'kuyamba kuthamanga.