Kope Langa la Akufa a pa Esiteti

Lolemba
Mitengo ya kumanda akale a pa esiteti aidula yonse, akuti amangire zigafa za fodya. Ziliza zili pambalambanda tsopano, ndikuziona popita kukaphunzitsa. Matenanti ogona kudziko la eni. Akuwakumbuka ndani? Ndagula kope. Ndilemba mbiri yawo, ana anga a sitandade 7 awerenge. Sabata imodzi ikwana!

Lachiwiri
Kapitawo wa pa esiteti wandiloleza kulowa kumandako, akuseka. Mayina khumi ndi anayi. Ena mwa iwo:
Fayisoni Mulima, wa ku Phalombe. Chiliza chong'aluka pakati.
Esinati. Dzina limodzi basi, pambali pake kachiliza ka mwana.
Laimoni Chidzanja, "Mlimi Wolimba".
Wina anangomulemba ndi msomali simenti isanaume: "Wa ku Dedza".
Esinati ameneyu anabwera pa lole ngati anzake? Kwawo anamva? Anamulira ndani?

Lachitatu
Yamveka kuti aphunzitsi akulemba mayina m'kope. Nyengo ya makuponi a feteleza ino! Ndikudzuka, anthu ali mbwee pakhomo.
"Aphunzitsi, ine chaka chatha anandidumpha."
Ndikufotokoza kuti ndikulemba akufa okhaokha.
Bambo wina kumbuyo: "Mwamva? N'chifukwa chake amoyofe sitilandira!"
Za Esinati palibe akudziwa. Dengu langa la mango lapita nawo.

Lachinayi
Wachibale mmodzi wapezeka: mayi Nabanda, mkazi wa malemu Laimoni. Zidzukulu zinayi, munda wamchenga. Ndikufunsa kuti malemuwo anali munthu wotani, iwo akuyang'ana kunjira. Kenaka motsitsa mawu:
"Aphunzitsi, bambo aja asiyeni agone. Ali moyo sanandigulireko ndi chitenje chomwe. Pano amandipatsa matumba awiri chaka chilichonse."
Dzina lawo silinachotsedwe m'kaundula wa makuponi. Ndalonjeza kutseka pakamwa.

Lachisanu
Mlembi wa makuponi watulukira pa njinga yamoto. Ulemu wakewo! Akuti naye amakonda za makedzana, angobwereka kope ola limodzi. Ine chitsiru ndapereka. Ndamuthiriranso tiyi wamkaka!
Dzuwa lalowa. Kope silinabwere.

Loweruka
Mndandanda wa olandira aukhoma pakhoma la sukulu. Laimoni Chidzanja amukhwatcha: "anamwalira". Koma m'munsi muli mudzi watsopano umene sindinaumvepo. Fayisoni Mulima alimo. Esinati amupezera dzina la bambo. Onse opanda abale aja adzuka. "Wa ku Dedza" wasanduka bambo W. Kudedza!
Mayi Nabanda sadziwa kuwerenga. Akundipempha ine, pakati pa anthu onsewo, kuti ndiwaonere. Ndawerenga. Sakulira. Akungomanga chitenje.
"Zikomo, aphunzitsi. Sukulu ndi yabwinodi."

Lamulungu
Kutchalitchi benchi lonse langa ndekha. Ndikadandaule kuti? Mlembi wandikumbutsa kale panjira, akumwetulira, kuti kope lija lili ndi kalembedwe kanga, ndipo mudzi wonse unandiona ndikulemba.
Mbiri ndaisiya. Masana ndagawa pakati thumba langa la feteleza, logula pa mtengo wa m'sitolo, ndalimanga pa njinga mpaka kwa mayi Nabanda. Theka la thumba m'malo mwa awiri. Ndaodira kawiri. Moni sanayankhe, mkeka sanayale. Akusenda chinangwa, maso pa mpeni.
"Ikani pamenepo," akutero. "Ndipo ine ndikadzafa, musadzandilembe."