Ababa Akuwoloka Kalahari pa Gorbals

Lolemba
Ndatenga tchuthi cha sabata yathunthu. Lolemba likubwerali Ababa akukalowa kunyumba yosamalira okalamba. Mutu wawo wayamba kutaya zinthu: makiyi, masiku, ndipo mwezi wathawu dzina langa. Kale anali dalaivala wa lole, kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Namibia kudutsa m'chipululu cha Kalahari. Ndiye ndaganiza kuti mwina pamsewu angandikumbukire, olo kamodzi. Malo akale oti tikaone:
- mwala woimirira wa anthu amakedzana
- kanyumba ka munthu woluka nsalu
- chitsime cha mmonke wina
Onsewa ali kunja kwa Glasgow pang'ono, mzinda wa ku Scotland womwe tikukhala, dera la Gorbals. Mawa tikunyamuka!

Lachiwiri
Kunyamuka kwake kuti? Ababa akukana kukwera galimoto yopanda madzi. "M'chipululu madzi ndiye moyo, mayi." Mayi! Ine mwana wawo, akundiitana ngati wokwera matola. Kunja mvula ikukhuthuka, ife tili kubafa kudzaza zigubu. Ndazitsitsa ndekha pamasitepe, msana uli gwa. Kenako ayamba kuyendera matayala, kuwamenya ndi phazi limodzilimodzi, mpaka a galimoto ya aneba omwe. Pomaliza kunja kwada.

Lachitatu
Tafika pamwala! Uli pakati pa nkhosa, matope mpaka m'akakolo. Ine ndikuwerenga chikwangwani mokweza ngati mphunzitsi. Ababa auyang'ana m'mwamba, auyang'ana pansi. "Mwala basi? Kwathu akanauphwanya kalekale n'kugulitsa kwa omanga." Ndaseka mpaka nkhosa zathawa.
Masana akana kupitiriza ulendo, akuti dzuwa lanyanya, matayala angaphulike. Dzuwa lake liti, abale inu? Takhala m'galimoto, ine ndikunjenjemera m'jekete, iwo akudzikupiza ndi chipewa.

Lachinayi
Kanyumba ka woluka nsalu n'kotseka mpaka nyengo yotentha. Tasuzumira pawindo. Zomwe taona: ndowa, chikolopa. Ababa avula chipewa kupereka ulemu.
Achimwene aimba foni kuchokera kumudzi: "Ndiye mwatsimikiza kukawataya kwa azungu?" Iwowo sanawasambitsepo ndi tsiku limodzi lomwe! Ndadula foni, ndapita kuseri kwa kanyumbako kukalira. Zikundipweteka chifukwa funso lomwelo ndimadzifunsa ndekha ndikamapita kuntchito nditawakhomera m'nyumba.

Lachisanu
Galimoto yatifera pa Partick, tisanatuluke n'komwe mu Glasgow, pamaloboti penipeni, basi ikuliza hutala kumbuyo. Ababa atsika, atsegula boneti, maso ali ngwee, chimwemwe chokhachokha. "Mchenga walowa mu injini." Ndisanawagwire dzanja athiramo chigubu chonse. Madzi aja apeza ntchito!
Atikoka mpaka kunyumba. Makaniko wangopukusa mutu, akuti tionane sabata yamawa.

Loweruka
Chitsime cha mmonke chitsale, chikhale ndi madzi ake. Amayi a mvano abwera kudzapemphera ndi kundithandiza kulongedza. Ababa aona yunifolomu ija, aganiza kuti tafika paboda, apereka pasipoti kwa amayi a tcheya ndi manja awiri. Amayiwo, Mulungu awadalitse, aitsegula, aiyang'ana bwinobwino, nati, "Dutsani, bambo."
Ine ndikulemba dzina lawo m'kolala ya malaya aliwonse ngati mwana wopita kusekondale yogonera konko. Langa silinatuluke pakamwa pawo mpaka pano.

Lamulungu
Kutchalitchi sitinapite. Ababa akufuna msewu, ndiye ndawakhazika pachiwongolero cha galimoto yakufayo, panja pa fulati yathu. Akuyendetsa, chigongono pawindo, kusintha magiya mwaulemu. Akundilozera malo. Pomwe ine ndikuona mabini, iwo akuti pali manda a anthu a ngolo amene anafa ndi ludzu. Patsogolo pake katchalitchi ka malata, mchenga mpaka m'mawindo.
"Sindinaimepo, mayi, abwana safuna kuchedwa. Koma kunyumba ndili ndi kamtsikana, kanzeru koopsa. Kakadzakula ndidzakatenga. Tidzaima paliponse."
Ndangoti, "Imani lero, adalaivala. Abwana sadziwa."
Aganiza kaye. Ayang'ana pagalasi, aponda buleki pang'onopang'ono, akoka handibuleki. Mawa ndikuwaperekeza, asanandidziwe. Basi, zili choncho. Panopa taima pamanda a anthu a ngolo, ndipo palibe akutifulumizitsa.