Mfundo Khumi ndi Ziwiri za Kuleza Mtima

Lolemba
Abusa apita kumaliro ku Tsangano, guwa andisiyira ine.
Mutu: kuleza mtima
Mfundo: 12
Mphindi pa mfundo: 5
Zonse: 60
Akulu a mpingo okayika kuti mzimayi angathe: 3, mtsogoleri wawo a Bandawe.
Ndinaphunzitsa masamu mpaka imvi. Aona!

Lachiwiri
Ndalakwitsa masamu. Mpingo wathu wa ku Canongola si wa ife a ku Angónia okha masiku ano, malasha atibweretsera mitundu. A Zuze amasulira m'Chinyungwe, a Domingo m'Chipwitikizi. Mawu aliwonse katatu: maola atatu pansi pa malata, dzuwa la Tete lino! Tinganyamule mitembo. Ndikudula mfundo. Zatsala 6.

Lachitatu
Kuyeserera ndi omasulira. Ine ndikuti, "Tileze mtima." A Domingo mawu awiri, basi. A Zuze ayamba nkhani ya mbuzi ya malume awo imene inasowa chaka chonse. Ndikuwadzudzula. Iwo: "Amayi, Mnyungwe salandira mawu ali maliseche, ndimayamba ndawaveka." Zatsala 4.

Lachinayi
Anyamata ogwira kumgodi ku Moatize abwera chipewa m'manja. Lamulungu basi ya kampani imawatenga 11 koloko, ndipo pamlatho magalimoto a malasha amathithikana. "Agogo, ikatisiya atidula tsiku, mutichitire chifundo." Zatsala 3.

Lachisanu
Makwaya athu ndi atatu, iliyonse nyimbo ziwiri. Kwaya ya mpingo wa ku Degue nayo yatumiza uthenga: ikubwera kudzatichezera! Mlendo saimitsidwa pakati pa nyimbo. Zatsala 2.

Loweruka
Bulauzi woyera ndachapa kawiri, fumbi lamudetsa kawiri. A Bandawe aima pampanda: "Mayi, mukalephera musachite manyazi, ine ndili ndi ulaliki wanga wa chaka chatha." Ndimaudziwa. Ndinawerenga ogona tsiku limenelo: 17, kuphatikizapo akazi awo.

Lamulungu
Nyimbo. Zilengezo, katatu. Alendo kudzitchula mayina, katatu. Ndikuimirira nthawi itatha kale. Mfundo yoyamba. A Zuze atulutsa mbuzi ija, Anyungwe akuseka mpaka misozi, a Domingo nawo ayamba kumasulira mbuziyo m'malo mwa ine. Ndaima, ndikudikira, ndikuleza mtima pamaso pa mpingo wonse. Panja basi yaliza hutala. Ndikuti, "Ameni." Mawu okhawo sanafune womasulira.

Anyamata andigwira chanza akuthamanga. A Bandawe, maso pansi: "Abusa aimba foni, akhalitsa kumudzi. Anthu akuti mubwerezenso, akuti mumadziwa kumaliza."

Zolalikidwa: 1
Ogona: 0
Osiyidwa ndi basi: 0
Mbuzi zosaitanidwa: 1
Mfundo zotsala: 11, ndiye kuti masabata 11.
Abusa asafulumire.

E. Nabanda, mphunzitsi wopuma