Foda ya Apongozi a Mathero

Chiperoni chikatsika ku Chiradzulu, phiri limabisala ndipo aliyense amathamangira ufa umene wayanika pamkeka. A Mathero a ku Mbombwe ankathamangira kompyuta. Ankaifunditsa bulangete lawo, iwo n'kutsala ndi malaya okha, mano akuwombana.

Koma chimene anatchuka nacho ndi funso lawo. Sankapereka kanthu asanafunse kuti, "Mwabwera kudzaona, kudzasintha, kapena kudzachita chilichonse?" Ankamufunsa wodzataipitsa kalata, ankamufunsanso wodzabwereka khasu. Nkhuku ikasuzumira m'kashopu kawo ankaiuza kuti, "Iwe kuona kokha," n'kuipirikitsa.

Funsoli linachokera m'makina momwemo. Kasitomala aliyense wokhazikika anali ndi dzina lake lolowera ndi foda yake, imene a Mathero ankaitcha nyumba. Pa nyumba iliyonse ankatsegula kawindo ka mayina ndi timabokosi, n'kumachonga kuti uyu aone, uyu asinthe, uyu asayandikire n'komwe.

Chaka chino chiperoni chabwera a Mathero kulibe, ndipo akazi awo, a Enelesi, ali pa vuto. Masukulu akatseka atsikana alowa chinamwali, koma anamkungwi akangana pa nyimbo ina ya Chilomwe. Wina akuti imatha chonchi, wina akuti ayi. Amene ankaidziwa bwino anali mayi awo a Enelesi, malemu a Selestina, ndipo mawu awo ali m'kompyuta muja, m'foda imene ikukana kutseguka.

Vincent wa kabaza, amene amakonzanso mafoni, anabwera ndi nzeru zake.

"Azakhali, ikakana timangoifomata."

"Kufomata n'kutani?"

"Kusesa zonse, iyambirenso."

"Ndi mayi anga omwe?"

Vincent anakanda m'mutu. "Ndi iwo omwe."

"Kwera njinga yako."

Kuti mumve mmene fodayo inatsekekera, dziwani kaye kuti a Mathero anali mkamwini, ndipo ukamwini ankaugwira ngati ntchito ya boma. M'kompyuta mumakhala dzina limodzi lalikulu, lokhala ndi mphamvu pa mafoda onse. Iwo ankalitcha mwini malo, ndipo analipereka kwa akazi awo.

"Bambo a Doreen, makinawa munagula ndinu," anatero a Enelesi tsiku loyamba.

"Ndinagula ndi nandolo. Nandoloyo anamera m'munda wa yani?"

Kuyambira pamenepo a Enelesi sanathirire mpiru mwamtendere. Akangomiza kheni m'madzi, mawu ankatsika mpaka kudimba:

"Mayi a Doreeeen! Makina akufuna mwini malo!"

Ankakwera chitunda ali wefuwefu, matope mpaka m'zigongono.

"Inu, pasiwediyi ndingokuuzani, muzilemba nokha."

A Mathero ankatseka makutu. "Iai! Mukufuna anthu azinena kuti mkamwini walanda malo?"

Ndiye a Enelesi ankalemba, amuna awo atayang'ana kukhoma. Akangotuluka, a Mathero ankapukuta mabatani ndi nthenga ya nkhuku.

Amene anazunzika kwambiri anali a Alufeyo, mkulu wa mpingo. A Alufeyo anali ndi nthenda imodzi. Akalowa m'foda ya kwaya, ankafufuta nyimbo iliyonse imene mawu awo sakumveka pamwamba pa anzawo. Atatsala pang'ono kumaliza nyimbo za Pasaka, a Mathero anachotsa chongi m'kabokosi kawo kosintha.

"Achimwene, makina anu afa. Ndikudina koma sakufufuta."

"Ali moyo, akulu. Inu ndi kuona kokha."

"Ine mkulu wa mpingo, kuona kokha?"

"Phiri la Chiradzulu mwakhala mukuliona chibadwire osalisintha. Mwaonda nalo?"

Kenako mphunzitsi wa kwaya, amene anali mwini wa fodayo, anapita ku Joni ndi pasiwedi m'mutu, foni yake n'kusiya kupezeka. Nyimbo zatsopano zinasowa kolowa.

"Maliro palibe, koma tilowetsa dzina," anatero a Mathero.

Anayala mkeka m'shopu, anakhazikapo mayi wina wa kwaya, anaitana mwini malo kudimba. Iwo ankaloza pa sikirini ndi cholembera, a Enelesi akudina. Dzina la wa ku Joni linachoka, la mayi uja n'kulowa. A Mathero anamulangiza ngati wolowadi dzina la malume ake, amayi n'kuimba nthungululu. A Alufeyo, amene anabwera atavala jekete poganiza kuti asankhidwa, anabwerera ndi kuona kwawo komwe kuja.

Tsono apongozi. Kwathu kuno mkamwini sakumana maso ndi apongozi ake, koma a Mathero ankapyoza muyeso. A Selestina akangotulukira panjira, mwamunayo ankadumphira mu nandolo, ngakhale pulinta ili m'kati mosanza makhadi a ukwati. Anthu ankati kanjira kamene kamadula m'munda muja kanapangidwa ndi mapazi a munthu mmodzi.

Nthawi ina Doreen, mwana wawo wamkulu, anajambula pafoni agogo akewo akuimba nyimbo za chinamwali, zimene mwamuna samva. Foni itadzaza, anazibweretsa kushopu. A Mathero anatsegula dzina latsopano, anamanga foda, n'kuyamba kuchotsa anthu. Anamuchotsa Doreen. Anawachotsanso mwini malo.

"Ngakhale ine mwana wawo?" anafunsa a Enelesi.

"Akakufunani adzakuitanani."

Dzina lawo lokha ndilo sanalichotse. Analisiya pansi penipeni, n'kulichongera kabokosi kokaniza, kuti ngakhale chala chitaterereka asagweremo. Atatero analankhula ndi khoma.

"Doreen, uwauze apongozi alembe pasiwedi."

"Ali pakhomo pompa, abambo, akukumvani."

A Mathero anatulukira pawindo.

A Selestina analemba ndi chala chimodzi, akuseka mpaka kutsokomola. Kuchokera apo, Lamulungu masana ankabwera ndi anzawo kudzadzimvera akuimba. Nthawi imeneyo a Mathero ankapalasa njinga mpaka ku Ndunde, kukagula singano imodzi.

A Selestina anamwalira mvula ikuyamba, pasiwedi osamuuza munthu. A Mathero sanaikhudze fodayo. Ankati za kulowa dzina m'nyumba ya apongozi amayambitsa ndi eni ake, ndipo a Enelesi mtima unali usanalimbe kuti amvenso mawu a mayi awo. Onse awiri anaganiza kuti nthawi ilipo. Chimanga chitauma m'minda, a Mathero nawonso anatsatira. Kumaliro wina ananong'ona kuti kumene apitako ayamba afunsa mbali imene kuli apongozi, ndipo amayi ena analira akuseka.

Masiku ano ku Mbombwe khasu umabwereka popanda funso, koma umachoka nalo ngati waba. Nkhuku zimafika pakhomo la shopu n'kuima zokha. Kanjira ka mu nandolo kayamba kumera udzu. A Alufeyo akamadutsa amachedwetsa phazi, amayang'ana chitseko chotseka, n'kudziuza okha kuti, "Kuona kokha."

M'mawa wina wa nkhungu, a Enelesi anatsegula shopu n'kuvundukula bulangete. Doreen anayang'ana batire ya sola.

"Amayi, dzuwa silinaoneke, moto watsala pang'ono. Kapena tiitane Vincent?"

"Akasese kwawo."

A Enelesi analowa m'kompyuta ngati mwini malo, manja ali oyera ulendo uno. Anadina foda ya mayi awo, ndipo inakana. Cholembera cholozera panalibe, koma chala chimene chinakwera chitunda nyengo zonse zija chinali kukumbukira. Chinatsegula kawindo ka mayina, chinalowa m'kati mwake, chinapeza pamene palembedwa mwini.

"Yala mkeka," anatero.

"Amayi, batire."

"Yala mkeka. Bambo ako angatiseke."

Doreen anakhala pamkeka. Dzina la Selestina linachoka, la Doreen n'kulowa. A Enelesi anadziwonjezera okha, anawonjezeranso anamkungwi.

"Amenewa tiwapatse kusintha?" anafunsa Doreen.

"Kuti aliyense akaikemo mathero ake? Kuona kokha."

Pansi penipeni panali dzina la a Mathero, chongi chawo chili m'kabokosi kokaniza. Doreen anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga abambo? Tiwatsegulire tsopano?"

"Ungawathamangitsire mu nandolo wa kumene aliko. Asiye pakhomo pomwepo."

A Enelesi anatseka chitseko ndi windo la kumsewu, n'kudina nyimbo ija. Kunamveka kutsokomola, kenako kuseka, kenako mawu a mayi awo. Anaimvera mpaka kumapeto, milomo ikutsatira. Sinathe monga ankanenera namkungwi woyamba, sinathenso monga ankanenera wachiwiri. Anaibwereza, Doreen akuimba nawo motsitsa.

Batire italira, a Enelesi anazimitsa makina. Anakutumula bulangete, anafunditsa kompyuta, n'kupinda ngodya zake pansi kuti chiperoni chisalowe.