A Kaundula, Wophunzira wa Imvi

M'dera muno panalibe amene sankawadziwa a Kaundula, mlonda wa pasekondale ya boma, amene sankapatsa mwana moni asanamuwerenge. M'mawa uliwonse ankaima pageti ndi chitini. Mwana akalowa, iwo kamwala m'chitini, ngwe! Akuti ngakhale pamaliro ankawerenga mitu ya ana m'malo molira.

A hedi, mayi amene nkhawa zinawadya mpaka kutsala mafupa, ankadziwa chifukwa chake. M'dirowa mwawo munali kalata ya akuluakulu a zamaphunziro yonena kuti ana akachepera mazana awiri, sukulu itsekedwa. Ndipo anali kucheperadi. Fakitale ya m'derali itagwa mabanja ambiri anasamuka, a kangachepe n'kupititsa ana awo kusukulu zolipira. Kuno kunatsala ana a anthu a maganyu.

A Kaundula ankasaka ojomba ngati mbuzi zosokera. Wina anamusolola pansi pa bedi, wina anabwera naye pawilibala.

"Akudwala ameneyo!" anakuwa mayi ake.

"Akadwalire m'kalasi, mayi. Kumeneko wodwalanso timamuwerenga."

Tsiku lobwera woyendera sukulu, miyala inaperewera umodzi kuti ikwane mazana awiri. A hedi thukuta linali kamukamu. Polowa ndi woyenderayo m'kalasi ya olemba mayeso, anapeza a Kaundula ali padesiki yakumbuyo, yunifolomu yothina, mawondo ali m'khosi, imvi zili mbuu.

"Awanso ndi ophunzira?" anafunsa woyenderayo.

"Ndinachedwa pang'ono, bwana. Zaka makumi asanu."

"Chabwino. Ngati ndi ophunzira, alembe mayeso."

Analembadi, n'kulephera. Chaka chinacho analepheranso, molimbikira ndithu. Sukulu yomwe okhoza ake ankakwana m'zala za m'manja, mkuluyu ankaikokera pansi zedi, ndipo a hedi ankanyozedwa pamisonkhano.

"Bambo, mukundichititsa manyazi."

"Sankhani, mayi. Sukulu yolephera kapena yotsekedwa?"

A hedi anayamba kuwaphunzitsa masamu nthawi ya buleki pageti pomwepo, ndi miyala yawo yomweyo.

Chaka chachinayi, atangolemba pepala lomaliza, chifuwa chinawagwira a Kaundula. Sabata ziwiri zokha, basi, anamwalira. Teremu itayamba panalibe wosolola ana pansi pa bedi. Woyendera uja anabwera, anawerenga, ndipo sanachedwe n'komwe kutseka sukuluyo. Ana anamwazidwira kusukulu zakutali, ambiri n'kungosiyiratu.

Zotsatira za mayeso zinafika geti litakhomedwa kale. A hedi anapitabe okha kukamata pepalalo, monga ankachitira chaka chilichonse. Okhoza anali khumi ndi mmodzi, ndipo dzina lachisanu ndi chiwiri linali la mlonda wawo. Anaseka, kenako misozi inawagonjetsa, chifukwa panalibe womuuza.

Chitini chija chinali chikadali pakona, dzimbiri lokhalokha. A hedi anatola kamwala n'kuponyamo. Sankadziwa kuti kamwala kamodzi kangasokose choncho.